Rapier: Lupanga Lomwe Linasanduka Chovala

Tikamawerenga sewero la Romeo and Juliet, ambiri timamasulira mawu oti rapier kuti lupanga basi. Ine ndikuona kuti kumasulira kotereku kumatibisira zambiri, chifukwa rapier sichinali chida cha msilikali kwenikweni, koma chizindikiro cha ulemu wa munthu mumzinda.

Poyamba, tione dzina lake. Ku Spain ankalitcha espada ropera, kutanthauza lupanga lovalira limodzi ndi zovala. Amuna olemekezeka a ku Ulaya ankalimangirira m'chiuno m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 popita kukacheza kapena poyenda m'misewu.

Kachiwiri, kapangidwe kake kakuchitira umboni mfundoyi. Linali lowonda, lotalika pafupifupi mita imodzi, lolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo ntchito yake yaikulu inali kubaya osati kutema. Chogwirira chake chinkazunguliridwa ndi tizitsulo toteteza dzanja, tomwe olemera ankatikongoletsa ndi siliva kapena golide. Kuligwiritsa ntchito kunkafuna maphunziro. Camillo Agrippa analemba buku la luso limeneli mu 1553 ndipo Ridolfo Capo Ferro analemba lake mu 1610. Mmphawi akanapeza kuti ndalama zolipirira mphunzitsi?

Ena anganene kuti lupangali linkathandiza munthu kudziteteza kwa achifwamba. Izi n'zoona ndithu, komabe eni ake ankalisololanso pa nkhani zazing'ono monga kunyozedwa pagulu. George Silver wa ku England anadandaula m'buku lake la mu 1599 kuti lupangali linali labwino pophera mnzako koma losadalirika podziteteza. Ku France anthu opangana kukabayana anachuluka mpaka Mfumu Louis XIII inakhwimitsa lamulo loletsa mchitidwewu mu 1626. François de Montmorency-Bouteville ananyozera lamuloli ndipo anadulidwa mutu mu 1627. Paja akuluakulu amati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Tikadziwa zimenezi, imfa ya Mercutio timaimvetsa mwatsopano. Iye ndi Tybalt sanakumane kubwalo la nkhondo, koma mumsewu wa ku Verona, pomwe mawu achipongwe okha anali okwanira kuti magazi akhetsedwe. Choncho womasulira seweroli m'Chichewa asakhutire ndi mawu amodzi oti lupanga. Afotokozere owerenga kuti anyamatawa ankayenda atavala imfa m'chiuno chifukwa choopa kutchedwa amantha. Ulemu wotetezedwa ndi magazi a mnzako si ulemu, ndi kunyada chabe.