Haramu ndi Mankhwalawo, Osati Mwana Wathu

Anyamata athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amanyamula usipa kukagulitsa ku Mchinji: pa Kamwendo, pa boma, ena mpaka kudutsa malire a pa Mwami kulowa m'dziko la Zambia. Kumene anthu ndi ndalama zikuyenda usana ndi usiku, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo sasowa. Tsono mwana akabwerako ataonda, akutha masiku atatu osagona, osafuna nsima, akudzikanda mpaka zilonda, akumva mawu amene ife sitikuwamva, tidziwe kuti umu ndi momwe amagwirira methamphetamine, amene abale athu a ku Joni amawatcha tik.

Mlandu wathu lero tikuuika pa ife eni, makolo ndi akuluakulu a mzikiti. Mwana akagwa chonchi timachita zitatu, zonse zolakwika. Timabisa, poopa kuti pa Juma atinena. Timanena kuti ndi majini, n'kuyendayenda naye kwa mashehe koma osapondako kuchipatala. Tikatopa timam'pirikitsa, ati wadzichitira yekha. Kodi tikam'thamangitsa amapita kuti? Amabwerera ku Mchinji komweko, kwa amene anam'gulitsa poyamba, pakuti ndiye yekha wosam'tsekera chitseko.

Ena amati chifundo chimalimbikitsa tchimo. Awa aiwala mbiri ya swahaba amene ankagwidwa ndi mowa mobwerezabwereza. Wina atam'temberera, Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa, nachitira umboni kuti munthuyo ankakonda Allah ndi Mtumiki wake. Chilango analandira, koma sanachotsedwe pakati pa Asilamu. Ife ndife yani kuti tiposerepo?

Kusiyira mayi yekha katunduyu ndi nkhanza inanso. Mu 2007, ku Lavender Hill mumzinda wa Cape Town, mayi Ellen Pakkies anapha mwana wawo wosuta tik atavutika naye zaka zambiri, akupempha thandizo osalipeza. Mutu umodzi susenza denga.

Kuthandiza sikulekerera. Ndalama m'manja tisam'patse. Timugulire chakudya, timulipirire ulendo wa kuchipatala, timuperekeze. Tiyambire pa chipatala cha boma chapafupi. Ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza ofuna kusiya mankhwalawa. Kuti amenewa ndi Akatolika chisatiimitse: mwendo ukathyoka sitifunsa chipembedzo cha dokotala. Palibe jakisoni wochotsa chibaba cha tik kamodzin'kamodzi. Chimene chimagwira ntchito ndi uphungu wa miyezi yambiri ndi banja losatopa. Akangosiya amagona kwambiri, amakhumudwa, ena amaganiza zodzipha. Masiku amenewo asakhale yekha. Akayamba chiwawa, titeteze mkazi wake ndi ana, tiitane thandizo. Akagwanso, ndipo ambiri amagwanso, tiyambirenso.

Duwa tichite, swala tilimbikire, koma ngamira timange. Mashehe athu ayitchule nkhaniyi pa khutuba ndi dzina lake, ndipo makomiti a mizikiti apatule gawo la sadaka lolipirira odwala otere. Timasonkha msanga ndalama za sanda ndi mpunga wa pamaliro. Tisonkhe mwanayo akadali moyo.