Kupatukana Si Kusudzulana: Nyumba Ndi ya Yani?

Akuluakulu anati mlandu suwola. Mwambi umenewu umapherezeka pamene mwamuna ndi mkazi amene anapatukana kalekale akumana m'bwalo la milandu kulimbirana nyumba.

Tiyerekeze banja lina la ku Area 15 mu mzinda wa Lilongwe, dera la nyumba za apantchito mu likulu limene linasamuka ku Zomba mu 1975. Mwamuna anagula nyumba imene ankachita lendi, ndipo chikalata cha umwini chinalembedwa m'dzina lake. Mkazi ankalera ana ndi kugulitsa mandasi kuti malipiro a mwamunayo akwanire kubweza ngongole. Atayambana, mkazi anabwerera kwawo. Ankhoswe sanakhalirane pansi, khoti silinamve kanthu. Papita zaka 15, ndipo mwamuna, ali ndi mkazi wina, anawonjezera zipinda namanga mpanda. Kodi nyumbayo ndi ya yani?

Ndime 24 ya Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 imati ukwati ukatha, mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la chuma chimene anali nacho limodzi ndi mwamuna wake. Lamulo la maukwati ndi kusudzulana la 2015 linaonjeza kuti pogawa chuma, khoti liwerengere ngakhale ntchito zapakhomo. Motero thukuta la mayi wa mandasi uja silinapite pachabe. Komabe mu 2017 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti ukwati pawokha susandutsa katundu yense kukhala wa anthu awiri: pafunika kuona cholinga chawo pogula, ndi zimene aliyense anaikapo.

Apa ndi pamene zaka zopatukana zimapweteka. Ufulu sutha, koma umboni umatha. Malisiti amadyedwa ndi chiswe, ankhoswe amamwalira, anansi amasamuka. Nkovutanso kulekanitsa nyumba imene awiriwa anagula ndi zipinda zomangidwa pambuyo pake, zimene mkazi wachiwiri naye adzati muli ndalama zake.

Palinso imfa. Popeza ukwati woyamba sunathetsedwe, mwamuna akamwalira wosalemba wilo, mkazi woyamba akadali mmodzi wa olandira chuma malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011. Mkangano umene akanautha anthu awiri amoyo umagwera ana a mimba ziwiri pamaliro.

Tsono amene aona kuti banja lafikadi pamapeto asakhutire ndi kungotuluka m'nyumba. Aitane ankhoswe akadali moyo, alembe katundu yense ndi chaka chimene anagulidwa, asunge makalata, napite kukhoti kuti ukwati uthe ndi chuma chigawidwe. Achinyamata otsiriza sukulu, amene mawa adzamanga mabanja, adziwe kuti kulembetsa nyumba m'maina a onse awiri si kukayikirana, koma kuteteza ana.