Chikomekome cha Mkuyu: Za Nthiti za Nkhumba ndi Nsomba Zochokera Kutali

Masiku ano m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu mwabuka kadyedwe kamene eni ake akukatcha chitukuko. Loweruka likakwana, mnyamata amene sanagwirepo mthiko chibadwire amakoleza makala pabwalo, n'kusanjika nthiti za nkhumba zaziwisi pamoto wolilima, foni ili kumanzere, botolo la sosi lili kumanja. Pakangopita mphindi 20 nyama ija yada kunja ndipo ikunyezimira, anzake akuomba m'manja ndi kujambula zithunzi zoika pa Facebook. Agogo ake akayesa kunena kuti nyama ya nkhumba siithamangiridwa, yankho limakhala lokonzeratu: tsabola wakale sawawa. Komatu mwambi woyenera pamenepo ndi wina, uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akaluma n'kufika pafupa, amapeza magazi.

Nkhaniyi siyongokhudza kukoma kokha. Ku midzi yambiri nkhumba zimayenda zokha masana, ndipo kumene kulibe zimbudzi zokwanira zimadya zonyansa za anthu. M'menemo ndimo zimatengera mazira a njoka yam'mimba imene akatswiri amaitcha Taenia solium. Mazirawo akalowa m'thupi la nkhumba amasanduka timatuza toyera tonga mbewu za mpunga, tobisala mu mnofu, m'lilime ndi mumtima. Achewa a kum'mawa kwa Zambia amatitcha masese, ndipo ogula nkhumba odziwa ntchito yawo amayamba aitsegula kukamwa n'kuyang'ana kunsi kwa lilime asanatulutse ndalama. Munthu akadya nyama yotere isanapse, njoka ija imakulira m'matumbo mwake, iye osadziwa kanthu, n'kumataya mazira nthawi iliyonse akapita kukadzithandiza. Tsono mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu wina kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timatuza tija timatha kukamera mu ubongo. Bungwe la zaumoyo la WHO limati m'madera amene njokayi inafala, pafupifupi 30 mwa anthu 100 alionse odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Choncho wodya nthiti zosapsa sadziika pangozi yekha: amene angadzagwe khunyu mwina ndi mwana wa m'nyumba mwake amene sanalaweko n'komwe. Apa nkhuyu zodya akulu ndizo zapota ana. Ndipo matendawo akafika, mudzi umayamba kusakasaka mfiti, kuloza chala nkhalamba yosalakwa, chikhalirecho mlandu unayambira pa mbaula.

Achinyamata amayankha kuti zimenezi anaziona pa intaneti, kuti ku America amaotcha chomwecho. Bodza lake lili poyera. Ku Memphis ndi ku Kansas City, kumene nthiti zootcha zinatchukira, nyamayo imakhala maola angapo pamoto wofatsa, motalikirana ndi malawi, mpaka mitsempha yolimba ija itasungunuka. Kanema wa pafoni amaonetsa ntchito ya maola 5 m'mphindi imodzi, ndipo woonera amatola mphindi imodziyo n'kusiya maola aja. Komanso nkhumba za kumeneko zimakulira m'makola otseka ndipo nyama imapimidwa isanafike kumsika. Amene wagula nthiti pansi pa mtengo m'mphepete mwa msewu alibe chitetezo chotero. Chitetezo chake ndi mphika basi. Safunsa anadya phula.

Nanga amayi akale ankatani? Ankaduladula nthitizo, kuzitsuka, n'kuziika mumphika ndi madzi ochepa ndi mchere, pamoto wosapupuluma, ola lathunthu kapena kupitirira, kufikira mnofu utayamba kulekana ndi fupa. Madzi akaphwera, nyamayo inkadzikazinga yokha m'mafuta ake omwe, osathiramo a m'botolo. Ikafiira, ndiye pankabwera anyezi, tomato ndi kambuzi pang'ono kwa ofuna. Wofuna zootcha saletsedwa: aphike kaye motero, kenaka aike pamakala ofiira, osati pamalawi, kuti zingogwira fungo la utsi. Sosi wa shuga apake kumapeto, pakuti shuga amapserera msanga, ndipo ndiye amene amanamiza maso kuti nyama yapsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso china chimene amuna a pa mbaula sachiganizira, chifukwa sindiwo amagawa chakudya tsiku ndi tsiku. Nthiti zootcha zilibe msuzi. Nyama imene ikanakwanira banja lonse ndi alendo omwe ikanaphikidwa mumphika, imathera m'manja mwa anthu atatu oimirira pamoto, ana n'kulandira mafupa. Ndiwo ntchito yake ndi kuperekeza nsima, ndipo msuzi ndiwo umafikitsa nyama kwa wamng'ono amene ali kumapeto kwa mphasa.

Tsono pa nkhani ya nsomba ndiye pali zomvetsa chisoni zenizeni. Mwana wobadwira m'dziko limene nyanja yake ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere padziko lapansi, nyanja imene mbali yake ya ku Cape Maclear inalembedwa ndi UNESCO mu 1984 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, lero akuti sanadyepo "seafood" kufikira atagula ma prawns oundana m'sitolo. Chambo, kampango, mpasa, mcheni, utaka, usipa, ngakhale matemba a ku Chilwa, zonsezi kwa iye ndi ndiwo za kumudzi. Amachita manyazi kuika usipa patebulo pamaso pa anzake a kuntchito, koma sachita manyazi kulipira ndalama ya ndiwo za sabata yathunthu pa kapaketi kamene theka lake ndi madzi oundana.

Ma prawns paokha alibe mlandu. Anthu a ku Beira ndi ku Quelimane amawadya bwino, ndipo amawaphika mwaluso ndi adyo, mandimu ndi tsabola, chifukwa kwa iwo ndi ndiwo ya pakhomo, yovuulidwa m'mawa womwewo. Koma Malawi alibe nyanja yamchere. Kuchoka ku Beira kudzera ku Tete ndi ku Mwanza mpaka ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 800, m'dera lotentha kwambiri. Zamoyo za m'nyanja yamchere zimaonongeka msanga kuposa nyama, ndipo zikasungunuka panjira kapena magetsi atazima, n'kuundananso mufiriji, maso sangadziwe. Wogula ayenera kukayikira paketi imene m'kati mwake madzi anaundana chibuma chimodzi, ndipo akazisungunula n'kumva fungo loboola m'mphuno ngati la mkodzo, ataye osadandaula za ndalama.

Pano achinyamata ali ndi mfundo imodzi yoona, ndipo iyenera kuvomerezedwa. Amati akuluakulu amawiritsa chilichonse mpaka kukoma kutatha. Zoonadi, amene angaphike ma prawns ola lathunthu ngati nthiti adzatafuna mphira. Iwo amafuna mphindi zitatu kapena zinayi, angosintha mtundu n'kupindika, basi aphulidwe. Koma mfundoyo ikuwatsutsa eni ake omwe. Nzeru ya kukhitchini siyakuti zonse zichedwe pamoto, ndi yakuti ndiwo iliyonse ili ndi moto wake. Chodabwitsa n'chakuti ophika atsopanowa amatembenuza: nthiti zofuna maola amazipatsa mphindi, ma prawns ofuna mphindi amawaumitsa pamakala mpaka atakhala ngati makungwa.

Mayi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi sanawerenge buku la zophikaphika, koma amadziwa kuti chambo chabwino maso ake amakhala owala, m'mutu mopumira muli mofiira, ndipo ukachidina ndi chala mnofu umabwerera. Amachipala mamba, kuchitumbula mosamala kuti ndulu isaphulike, n'kuchiphika ndi tomato, anyezi ndi mchere m'madzi ochepa. Satakasa ndi chipande, amangogwedeza mphika kuti nsomba isaphwanyike. Mutu sautaya, umapita m'mbale ya wamkulu kapena ya mlendo. Usipa wouma amayamba auviika m'madzi ofunda kuti mchenga ndi kuwawa zichoke, ndipo akautendera nsinjiro umakhala ndiwo yoti ngakhale mfumu singakane. Kansomba konyozekako kamadyedwa ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndimo muli zolimbitsa mafupa a ana. Ku Nkhata Bay amaperekeza nsomba ndi kondowole, ku Karonga ndi mpunga wa Kilombero. Luso lonseli likutha m'mabanja ambiri, osati chifukwa n'lovuta, koma chifukwa adzukulu sakhalanso pansi kuonerera.

Ena amati chambo chinasowa ndipo chinakwera mtengo, ndiye alekeni adye zakunja. Kusowako n'koona: ku nyanja ya Malombe chambo chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ku nyanja yaikulu nakonso sichikugwidwa ngati kale. Koma anachisowetsa ndani? Chambo chimasunga ana ake m'kamwa, ndipo amene wagwira mayi m'nyengo yoswana wapha ndi ana omwe. Ogula a m'tauni amene amalandira tiana ta chambo tokoledwa ndi maukonde a udzudzu, osafunsa kanthu, ali nawo mlanduwo. Ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amachoka pachilumbapo kufikira tsiku lotsegulira. Lamulo limenelo silinachokere ku ofesi iliyonse. Ndi mwambo womwewo umene akuutcha tsabola wakale.

Mwambo wina umene ukuphwanyidwa pa mbaula za Loweruka ndi wa ulemu kwa mlendo. Asilamu, omwe ndi ambiri ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota, sadya nkhumba. A Seventh-day Adventist, amene ali ku Malamulo m'boma la Thyolo kuyambira 1902, sadya nkhumba, komanso potsata Levitiko mutu 11 sadya za m'madzi zopanda mamba: mlamba, kampango, nkhanu ndi ma prawns omwe. Mabanja akale okhala moyandikana ndi anthu a zikhulupiriro zimenezi ankasunga mphika wa nkhumba pawokha, ndi chipande chake, ndipo mayi wa pakhomo ankatuma mwana kukafunsa mwakachetechete ngati mlendo ali ndi chimene sadya, chakudya chisanafike pamphasa. Lero nthiti, nkhuku ndi chambo zimagona pa waya umodzi, mafuta a nkhumba akudonthera ponseponse, foloko imodzi ikutembenuza zonse. Mlendo uja, poopa kukhumudwitsa mwini nyumba, amangonena kuti wadya kale, n'kukhala ndi botolo la Fanta m'manja mpaka madzulo.