Dziwe la kuseri kwa nyumba silingalowe m'malo mwa nyanja, koma tisalinyoze

Ife a m'mbali mwa nyanja tikamva zoti munthu wakumba dziwe kuti awetemo nsomba, kawirikawiri timaseka. Timati nsomba ndi ya Mulungu, siwetedwa ngati nkhuku. Koma tikaona mtengo wa chambo pa Mangochi lero, ndi momwe maukonde akubwerera opepuka ku Malombe, kusekako kumachepa.

Tiyeni tiyang'ane kumtunda, kudera ngati Magomero m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi mtsinje wa Namadzi. Ambiri amadziwa Magomero chifukwa cha mbiri: kumeneko ndi kumene amishoni a UMCA anakhazikika mu 1861, ndiponso anthu a John Chilembwe anaukira esiteti ya A. L. Bruce mu 1915. Nkhani ya kuchepa kwa malo inayamba kalekale, ndipo sinathe. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri, minda ndi ing'onoing'ono. Ndiwo ya nsomba kumeneko yakhala ikudalira kwambiri nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1995 ndi kuphweranso kwambiri mu 2018. Banja lokhala pamalo otere likapeza kadambo kosaphwa, dziwe la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali limasanduka ndiwo, madzi othirira dimba ndi ndalama ya sukulu.

Boma ndi mabungwe akhala akulimbikitsa ulimi umenewu kwa zaka zambiri, ndipo malo a kafukufuku ndi mbewu ya nsomba ali pafupi, ku Domasi m'boma la Zomba. Nsomba zake timazidziwa: makumba, chilunguni ndi mlamba. Nanga bwanji maiwe ambiri amakumbidwa ndi nthungululu, chaka chikatha n'kusanduka thope la achule okhaokha?

Ife tikuona kuti vuto si kukumba, koma kusamala. Dothi liyenera kukhala la makande, losunga madzi. Pamchenga ndi kutaya thukuta. Khoma liyenera kutsinderedwa bwino, kupendekeka, ndi kudzalidwa udzu ngati vetiva. Pafunika paipi kapena ngalande yotulutsa madzi akasefukira, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanyalanyaza. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, Chiradzulu linali limodzi mwa maboma osautsidwa kwambiri, mpaka matope a m'phiri anakwirira mudzi wa Ntauchira. Mvula yoteroyo ikapeza dziwe lopanda potulukira madzi, imagumula khoma, nsomba za miyezi isanu n'kupita ndi mtsinje usiku umodzi. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, boma n'kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Dziwe lomwelo liyenera kupirira zonse ziwiri.

Chakudya nacho n'chovuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chakudya cha nsomba cha m'matumba chinakwera mtengo kuposa thumba la mlimi wamba. Otsala ndi madeya, masamba a m'dimba ndi manyowa obiriwiritsa madzi. Mabuku ena a ulimi amatchula ndowe za nkhumba; kwa ife za nkhuku ndi za mbuzi zimagwira ntchito yomweyo, palibe chotikakamiza. Koma chaka cha njala madeya omwewo anthu amawalimbirana, nsomba n'kumakula ngati zakwiya.

Dziwe limaitananso alendo. Tombolombo, achule ndi akakowa amafika okha, ndipo ena mwa iwo ndi abwenzi: ana a tombolombo ndi nsomba zomwe amadya mphutsi za udzudzu. Katumbu ndi ng'azi ndiwo akuba, ndipo mpanda wa bango kapena nsungwi umathandiza kuposa kuwasaka. Mpandawo umatetezanso ana aang'ono, pakuti madzi akuya mita imodzi ndi okwanira kumiza mwana. Dziwe losiyidwa, lodzala udzu m'mbali, ndilo limaswa udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo, matenda omwe ife a kunyanja tikuwadziwa bwino. Wokumba dziwe n'kulisiya waikira anansi ake msampha.

Mbewu nayo isamatengedwe chisawawa. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda pa nsomba, ndipo amayenda mosavuta ndi nsomba zamoyo ndi maukonde obwerekana.

Kodi maiwe a kumtunda adzatilanda msika? Ife sitikuona choncho. Usipa ndi utaka zomwe amayi athu amayanika pa matandala sizingatuluke m'dziwe, ndipo m'misika ya ku Limbe nsomba zikuperewera, sizikutsala. Chomwe tingaphunzire n'chakuti nyengo yotseka nyanja ikafika, m'malo mozemba ndi ukonde wa udzudzu usiku, mabanja okhala ndi dambo kumtunda kwa Namwera kapena Katuli angathe kukhala ndi pokolola. Asanagwire khasu, apite kwa mlangizi wa zausodzi akaone dothi ndi madzi ake m'mwezi wa Okutobala, pomwe dzuwa lili pamutu, osati mu Febuluwale pomwe paliponse pamaoneka ngati dambo.