Foni yosalandira zokonza ndi nkhokwe yopanda chitseko

Kumapeto kwa chaka cha 2023, anthu ena ku Ulaya ndi ku America anadabwa kuona mafoni awo a iPhone akuzima okha ali m'sitima kapena pamsonkhano. Chinkachititsa zimenezi ndi kachipangizo kokwana m'thumba kotchedwa Flipper Zero. Akakaika pulogalamu yapadera, kankatumiza mauthenga abodza a Bluetooth motsatizana mpaka foni yomwe ili pafupi kusokonezeka. Kampani ya Apple inatseka mpatawo mu Disembala 2023 kudzera mu iOS 17.2. Ndalama sizinkabedwa, koma zinaoneka poyera kuti munthu angathe kusokoneza foni ya mnzake osaikhudza.

Choopsa kwambiri ndi chipangizo china chomwe chimadziyerekeza ngati nsanja ya netiweki. Chimakokera mafoni apafupi ku 2G, njira yakale yomwe foni sifufuza ngati nsanjayo ili yeniyeni, kenako chimatumiza uthenga wooneka ngati wochokera kubanki. Mu Novembala 2024, apolisi a ku Bangkok m'dziko la Thailand anagwira munthu akuyendayenda ndi chipangizo chotere m'galimoto.

Nkhaniyi ikukhudzanso alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, chifukwa ndalama za mbatatesi, soya ndi fodya masiku ano zimasungidwa mu M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Makampani akuluakulu amakonza zolakwika, koma zokonzazo zimafika pafoni yomwe wopanga wake akuisamalirabe. Mafoni ambiri otchipa ndi akaunjika anasiya kuzilandira kalekale. Kuyambira pa Android 12, mafoni ena amalola kuzimitsa 2G, koma mlimi wa kumudzi komwe 2G ndiyo yokha imagwira sangachite zimenezo popanda kudzidula yekha.

Choncho chitetezo chachikulu chatsalira m'manja mwa mwini foni. Zipangizozi sizingatulutse ndalama pazokha. Wakuba amadikira kuti munthu atsegule linki kapena apereke nambala yake yachinsinsi. Mlimi amene amazimitsa Bluetooth pamsika, amalola foni kulandira zokonza akapeza intaneti, ndipo sauza aliyense nambalayo ngakhale uthenga utabwera ndi dzina la kampani, watseka mipata yambiri. Pogula foni ina akagulitsa mbewu, ndi bwino kufunsa wogulitsa ngati foniyo ikulandirabe zokonza, osati mtengo wokha.