RAM yambiri, koma gemu osatseguka



Mu 2023 mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa mpaka Fomu 4 anandipeza ndi laputopu kukhwapa, nkhope ili yakugwa. Anaigula yogwirapo kale ntchito, n'kuwonjezamo RAM mpaka 16 GB, ndalama zonse za maganyu n'kuthera pomwepo. Ankafuna kuphunzira kupanga magemu ndi Godot 4, imene inatuluka mu Malichi chaka chomwecho. Koma akati atsegule ntchito yake, pulogalamuyo inkangodandaula za Vulkan n'kutseka. "Aphunzitsi, kodi andibera?"

Sanamubere ayi. Kungoti tonse tinazolowera kufunsa za RAM ndi purosesa basi, ngati kuti kompyuta ndi thumba la chimanga loti ungoliyeza pasikelo.

Nkhani yake ili chonchi. Wopanga gemu sayambira pa dothi. Amatenga injini, monga Unity, Unreal kapena Godot, imene inakonzeratu za kuwala, mithunzi, mawu ndi kagwedwe ka zinthu. Injiniyo nayo siyankhula mwachindunji ndi khadi lojambula zithunzi, lija timati GPU. Imatumiza malamulo kudzera mu API. Microsoft ili ndi DirectX, Apple ili ndi Metal, pamene OpenGL ndi Vulkan zimasamalidwa ndi bungwe la Khronos Group. Khadi likakhala kuti silidziwa API imene injini yasankha, zathera pomwepo. Zili ngati ketulo imene achimwene abwera nayo kuchokera ku Joni: ketulo ndi yabwinobwino, magetsi ayaka, koma mano a pulagi ndi obulungira pamene soketi yathu ikufuna amakona.

Laputopu ya mnyamatayu inali ndi Intel HD Graphics 4000, ya mu 2012. Vulkan inabwera mu 2016, ndipo pa Windows khadi limeneli silinalandire dalaiva ya Vulkan. RAM sikanathandiza kanthu, ngakhale akanaunjikamo mulu. Mwamwayi, amene amapanga Godot anasiya khomo lina lotsegula. Poyamba ntchito yatsopano umasankha pakati pa Forward+, Mobile ndi Compatibility, ndipo yomalizayi imadutsa mu OpenGL. Tinasankha imeneyo. Kanthu kake kakabokosi kanayamba kudumphadumpha pasikirini, iye n'kuseka ngati mwana.

Musaganize kuti izi zimagwera osauka okha. Gemu ya Indiana Jones and the Great Circle, imene inatuluka mu Disembala 2024, imafuna khadi lotha ray tracing, kutanthauza kuwerengera mmene cheza cha kuwala chikuyendera ndi kunjanja pa zinthu. Makhadi a Nvidia anayamba kukhala ndi zida za ntchitoyi mu 2018, ndi mtundu wa RTX. Choncho munthu wa GTX 1080 Ti, khadi la 11 GB limene linali mfumu mu 2017, anatsala panja, pamene wa RTX 2060 Super, la 8 GB chabe, analowa.

Kodi ndikuwada opanga magemuwo? Osati kwenikweni. Kusunga njira ziwiri zojambulira kuwala ndi ntchito yowirikiza, yolemba ndi yoyesa yomwe, ndipo kampani imawerengera phindu. Iwo ali ndi ufulu wosankha makasitomala awo. Ife aphunzitsi ufulu umenewo tilibe. Mwana aliyense amene walowa mu labu ndi wathu.

N'chifukwa chake ndimatsutsana ndi anzanga ena amene akuti makalabu a kompyuta ayambire pa Unreal Engine 5 poti ndiyo ikutchuka. Zokongola zake zija, monga Nanite, pa Windows zimadalira DirectX 12 ndi khadi lamphamvu ndithu. Pa makompyuta olandira ngati mphatso amene ambirife tili nawo, mudzathera teremu yonse mukuyang'ana uthenga wa vuto, ana n'kumaganiza kuti mbuli ndi iwowo. Chimene mwana wa Fomu 2 akufunika kumvetsa ndi chifukwa chimene mpira wake ukubowolera khoma m'malo mobwerera, ndipo phunziro limenelo silisowa mithunzi yapamwamba. Injini isankhidwe poyang'ana kompyuta yofookesitsa m'chipindamo, osati ya mphunzitsi.

Inu amene mukusunga ndalama za laputopu, musanapereke kalikonse pemphani wogulitsa kuti muigwireko. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, pitani pa Display. Dzina la khadi lili pomwepo, komanso mzere wa Feature Levels. Lembani zimenezo papepala, mukaziyerekeze ndi zimene injini yanu ikufuna. Wogulitsa akakana kuti muone, pitani pa sitolo ina.