Agogo Atsala Tsidya Lina

Ife amene tinakula m'masiku a Wenela tikumbukira momwe amayi athu ankadikirira kalata ya ku Joni. Amalume ena anabwerako ndi njinga ndi bokosi la zovala. Ena anachona, ndipo kufikira lero sitidziŵa kumene kuli manda ao. Tsono pamene tiŵerenga za mabanja a ku Russia amene alekanitsidwa ndi malamulo a zitupa, nkhaniyi siimveka yachilendo m'makutu mwathu, chinkana ichitikira kutali kudziko la chisanu.

Pa 24 Febuluwale 2022 asilikali a Russia analoŵa m'dziko la Ukraine. Pasanathe sabata, maiko a Mgwirizano wa ku Ulaya analetsa ndege za ku Russia kudutsa mumlengalenga mwao. Mu Sepitembala chaka chomwecho anaimitsa pangano limene linkapeputsa kapezedwe ka viza, ndicho chilolezo choloŵera m'dziko la eni, ndipo mtengo wake unakwera kuchoka pa mayuro 35 kufika pa 80. Estonia, Latvia, Lithuania ndi Poland anayamba kubweza Arasha odzacheza, Finland natsatira. Mwezi womwewo Pulezidenti Putin analamula kuti amuna 300,000 aitanidwe kunkhondo, ndipo anyamata zikwizikwi anathaŵira ku Georgia, Kazakhstan, Armenia ndi Serbia, kusiya makolo okalamba m'mbuyo.

Taganizirani za gogo wa mumzinda wa St Petersburg amene mwana wake wamkazi anakwatiwa ku Helsinki. Mtunda wake ungoposa pang'ono wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Kale sitima yotchedwa Allegro inkatha ulendowu m'maola atatu ndi theka, koma inaleka kuyenda mu Malichi 2022. Mu Disembala 2023 Finland anatseka zipata zonse za pamtunda, ponena kuti Russia akutumiza dala anthu a maiko ena kumalireko, ndipo chaka cha 2024 chinatha zipatazo zili chitsekere. Gogo wofuna kunyamula mdzukulu wake anayenera kuzungulira pa ndege kudzera ku Istanbul, kapena kuima pamzera ku Narva, m'malire a Estonia, kumene anthu aoloka mlatho pansi, katundu ali m'manja.

Inde, malamulowo asiya kampata ka achibale. Koma mbale ndani? Lamulo la Mgwirizanowu la mu 2003 lipatsa mlendo wokhazikika ufulu woitana mkazi kapena mwamuna wake ndi ana aang'ono kuti adzakhale naye. Za makolo okalamba, dziko lililonse lidziŵeruzira lokha. Ife tikauza ana a Sitandade 3 kuti ajambule banja lao, pepala limachepa, pakuti aikapo agogo, azakhali, amalume ndi mwana wamasiye wa kwa mnansi. Kumeneko banja likwana pa mizere itatu ya fomu.

Wina adzati, nanga mwanayo osangopita yekha kukaona amake? Apa ndi pamene mtima uŵaŵa. Lamulo la ku Russia la mu Malichi 2022 lilola kumanga munthu kufikira zaka 15 chifukwa cha mau amene boma liti ndi bodza lonenera asilikali. Mnyamata amene anadzudzula nkhondo ali kunja aopa ndende. Amene anathaŵa usilikali aopa kugwidwa pabwalo la ndege. Motero alipo amene anaona maliro a atate ao pa lamya ya m'manja, osaponyako ndi dothi lomwe.

Tisanamizane, abale. Mabanja a ku Ukraine aona zoposa izi: nyumba zao zagumulidwa, ana ao aphedwa, ndipo mamiliyoni anathaŵa kwao. Mantha a Estonia ndi anzake ali ndi chifukwa, popeza anakhala pansi pa ulamuliro wa Moscow kufikira 1991. Sitiwaweruza. Koma tiona kuti chikwapu chofuna wolamula nkhondo chagwera kaŵirikaŵiri mnyamata amene anakana kupha, pamodzi ndi nkhalamba imene siinafunsidwe kanthu. Ndipo n'zodabwitsa kuti munali mu Helsinki momwemo, mu 1975, m'mene maiko 35 analonjezana kuthandiza mabanja olekanitsidwa kuti akumanenso. Masiku amenewo chitseko chinali chokhomedwa ndi Moscow, ndipo a Kumadzulo ndiwo ankagogoda.

Usiku wina pa mapemphero a m'nyumba tinaŵerenga Genesis 45, ana akusinza kale. Tinaona chinthu chimene tinkachipitirira zaka zonsezi. Yosefe anali mlendo ku Aigupto, ndipo atate wake anali nkhalamba ya dziko lina, yosatha ntchito, pa nthaŵi ya njala. Amene analamula kuti magareta apite kukamtenga Yakobo, pamodzi ndi azipongozi ndi adzukulu onse, anali Farao.